Lipoti la ntchito: Hardbody yotsitsidwa yomwe inkangodya cross yakumbuyo

Galimoto yake ndi Nissan Hardbody ya petulo, single cab yaifupi ija, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Mwiniwake ndi mnyamata wa konkuno ku Mchinji yemwe wakhalako ku Joni, ndipo anabwera nayo itatsitsidwa kale, mmene amakondera anzake kumeneko. Kutsogolo anabweza ma torsion bar, ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya sipuling'i, mpaka inatsika mamilimita pafupifupi 50. Kumbuyo anaika mabuloko a mamilimita 75 pakati pa axle ndi masipuling'i, n'kuchotsanso leaf imodzi, chimodzi mwa zitsulo zosanjikizana za sipuling'i, mbali iliyonse. Matayala ndi a 195R14. Shafiti yake, yotenga mphamvu ku giyabokosi kupita ku difu, ndi imodzi yathunthu, yopanda bearing yoigwira pakati (center bearing). Kumapeto kwake kuli ma cross, zolumikizira zooneka ngati mtanda zomwe zimalola shafiti kuzungulira itapindika: imodzi ku giyabokosi, ina ku difu.

Dandaulo linali la kunjenjemera. Kumayamba liwiro likafika cha pa 60, n'kukula kwambiri pakati pa 75 ndi 80. Kumamvekera pansi pa mpando ndi pa ndodo ya giya, koma chiwongolero chili phee. Akaponda moto kumawonjezeka, akachotsa phazi kumachepa. Ponyamuka ndi giya wani pankamveka kugogoda kumbuyo, ndipo pakamwa pa difu pankanyowa oilo.

Ndalama anali atataya kale. Matayala anakawachititsa balancing ku Lilongwe, osasintha kanthu. Galaja ina inamuuza kuti shafiti ndi yopindika, akafune ina. Cross yakumbuyo anali atasintha kawiri.

"Amakaniko, iyi ndi cross yachitatu chaka chomwechino. Kapena akungondigulitsa zafeki?"

"Mwina ndithu, achimwene. Koma nanga yakutsogoloyi bwanji ili chikhalire chichokereni ku Joni, pomwe zonse zikuzungulira pa shafiti imodzi?"

Funso limeneli ndi lomwe linatsogolera ntchito yonse.

Zimene tinachotsa m'njira poyamba

Matayala sindinawaganizire nthawi yaitali. Tayala la 195R14 pa liwiro la 80 limazungulira maulendo pafupifupi 640 pa mphindi, kutanthauza 10 kapena 11 pa sekondi. Likakhala kuti silili bwino, galimoto imagwedezeka moti munthu ungathe kuwerenga kugwedezekako. Izi sizinali choncho. Kunali kulira kwa thupi lonse la galimoto, kothamanga, kochititsa galasi loonera kumbuyo chimbuuzi. Titazungulitsa matayala n'kuwerenga, shafiti inkazungulira kanayi ndi pang'ono pa kuzungulira kumodzi kwa matayala. Ndiye pa 80 shafitiyo ili pa 2,600 kapena kupitirirako pa mphindi. Vuto linali kumeneko.

Komanso chinthu chosachita balansi sichisamala za phazi lanu. Pa liwiro lomwelo chimanjenjemera chimodzimodzi, muponde moto kapena muike nyutulo. Iyi inkamvera phazi. Shafiti tinaiyesabe ndi dial gauge, chida choonetsa ngati chitsulo chapindika, pakati ndi kumapeto konse, inali yowongoka bwinobwino, tizitsulo take ta balansi tili m'malo. Mamaunting'i a injini ndi a giyabokosi anali amoyo.

Cross yakumbuyo titaimasula inalankhula yokha. M'makapu awiri ovala pa nsonga za cross, momwe mumakhala tisingano togubuduzika, girisi anali atapsa n'kusanduka fumbi lofiira ngati dothi la katondo, tisingano tina titasweka, nsonga za cross zitasintha mtundu ndi kutentha. Cross yosakwana chaka sikhala choncho pokhapokha ikugwira ntchito itapindika mopitirira muyeso.

Chifukwa chake kupindika kumapweteka

Cross ikakhala pa mzere wowongoka, liwiro lolowa ndi lotuluka limakhala limodzi. Ikangopindika, mbali yotuluka siyendanso mofanana: pa kuzungulira kumodzi imathamanga kawiri, n'kuchedwanso kawiri. Si zachilendo ayi, wasayansi Robert Hooke anaziona kalekale m'zaka za m'ma 1600. N'chifukwa chake shafiti imakhala ndi ma cross awiri. Yakutsogolo ikasokoneza liwiro, yakumbuyo imabwezeretsa, difu n'kulandira kuzungulira kosalala. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, wina akamatsitsa munsi mnzake akukweza wake. Mmodzi akangotaya kayendedwe, minsi imagundana. Kuti ma cross agwirizane choncho, ngodya zawo ziyenera kufanana, ndipo mafoloko (yoke) ogwira cross kumapeto onse a shafiti akhale pa mzere umodzi.

Malangizo a opanga ma cross monga Spicer ndi odziwika kwa aliyense wa ntchitoyi. Ngodya ziwirizo zisasiyane kuposa digiri imodzi. Iliyonse isapitirire madigiri 3 ngati mukufuna galimoto yosanjenjemera ndi cross yokhalitsa. Komanso isakhale ziro, pakhale kupindika kwa digiri imodzi kapena kuyandikira pamenepo, kuti tisingano ta m'kapu tizigubuduzika n'kumayendetsa girisi. Cross yowongoka kwambiri tisingano timangogunda malo amodzi mpaka kukumba timizere pa chitsulo.

Anthu ambiri akamva za pinion angle, kupendekeka kwa pinion, kashafiti ka pa mphuno ya difu komwe shafiti imamangirirako, amaganiza kuti mphuno ya difu iziloza giyabokosi mwachindunji. Zimenezo ndi za shafiti yokhala ndi double cardan, ma cross awiri ophatikizana, kutsogolo, monga zimapezekera pa ma 4x4 ena okwezedwa. Pa shafiti wamba ya ma cross awiri, mzere wa giyabokosi ndi mzere wa pinion uyenera kupendekeka mofanana, wina pamwamba wina pansi, osakumana.

Kuyeza

Apa ndi pomwe ntchito yambiri imalakwikira, ndiye ndifotokoza pang'onopang'ono.

Galimoto iyezedwe itaima ndi matayala ake, kulemera kwake konse kuli pa masipuling'i. Mukaikweza ndi jeke pa chesisi, axle imalendewera ndipo manambala onse omwe mupeze ndi a galimoto yomwe kulibe pa msewu. Ife tinaiimika pa dzenje, matayala atapopedwa mofanana, thanki ili theka, ndipo mnyamata wanga anakhala pa mpando wa dalaivala. Tinaigwedeza kumbuyo kangapo kuti masipuling'i akhazikike.

Pansi pa galaja sipayenera kuchita kukhala pa levulo yeniyeni. Chimene tikufuna ndi kusiyana kwa manambala, ndipo kupendekeka kwa simenti kumalowa mu nambala iliyonse mofanana, ndiye pochotsera kumadzichokera kokha. Chofunika n'chakuti galimoto isasunthe malo pakati pa kuyeza.

Chida chake ndi kachoyezera ngodya ka digito kokhala ndi maginito kunsi. Foni nayo imatha ntchitoyi ngati muli ndi app yoyezera kupendekeka, bola muchotse kava ndipo mugwiritse mbali yomwe ilibe mabatani. Ndaonapo anthu akutsamiritsa foni pa batani la voliyumu n'kupeza digiri yathunthu yabodza. Nthawi zonse muziwerenga mutaima mbali imodzi ya galimoto, nkhope ya chida ikuyang'ana kwa inu. Mukasintha mbali, chotsika chimaoneka chokwera, ndipo mudzaphatikiza pomwe mumayenera kuchotsera.

Malo oyezapo akhale osalala, odulidwa ndi makina. Pa thupi la difu kapena pansi pa giyabokosi ayi, chifukwa chitsulo choumba chimakhala ndi mabampu ake. Ku giyabokosi tinakankha galimoto pang'ono mpaka kapu ya cross yomwe ili pa yoke inayang'ana pansi ndendende, tinachotsa circlip, tinapukuta, n'kugunditsa soketi yaifupi pa kapuyo, chida n'kuchimata kunsi kwa soketi. Shafiti tinaiyeza pa paipi yake pakati, titapala matope ndi dzimbiri, kutali ndi zowotcherera. Pinion tinaiyeza komaliza pa nkhope ya flange, mbale yomangirapo shafiti ku difu, shafiti itachoka, titalemba kaye chizindikiro cha penti kuti idzabwerere mabowo omwewo. Nkhope ya flange imaima chilili, ndiye nambala yake mumaichotsa ku 90.

Zonse ndimazilemba njira imodzi, kutsika kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Giyabokosi inapereka madigiri 3.6. Shafiti 1.5. Pinion 7.2, kutanthauza kuti mphuno ya difu inali itadzuka m'mwamba ndi madigiri amenewo.

Cross yakutsogolo ndiye inkagwira ntchito pa 3.6 kuchotsa 1.5, omwe ndi madigiri 2.1. Palibe vuto, n'chifukwa chake inali chikhalire. Yakumbuyo inali pa 7.2 kuchotsa 1.5, madigiri 5.7. Kusiyana kwa ziwirizi 3.6, pomwe malire ndi digiri imodzi.

Pa pepala manambalawa amaoneka ochepa, koma kusokonekera kwa liwiro sikukula molingana ndi ngodya. Ngodya ikawirikiza kawiri, kusokonekerako kumawirikiza kanayi. Pa madigiri 2.1 liwiro limasinthasintha ndi 0.07 peresenti yokha. Pa 5.7 lafika theka la peresenti, ndiye pa 2,600 paja ndi maulendo 13 kupita m'mwamba, 13 kupita pansi, ndipo zimenezi zikuchitika maulendo oposa 80 pa sekondi iliyonse. Matayala ndi thupi la galimoto sizingathamange n'kuchedwa mwachangu chotero, ndiye nkhonya zonsezo zimathera pa cross, pa bearing ya pinion ndi pa seal yake. Oilo wa pakamwa pa difu uja gwero lake linali limeneli.

Tsono awa ndi manambala a galimoto yoima. Ikamakoka, matayala akamazungulira kupita kutsogolo, thupi la axle limafuna kuzungulira chobwerera, mphuno ya difu n'kudzuka. Chimaigwira ndi masipuling'i okha. Apa anali atachotsa leaf, n'kuikaponso buloko lalitali lomwe limapatsa axle mphamvu yopotokola sipuling'i. Ndinauza mnyamata wanga uja kuti agwire buleki ya phazi pang'ono n'kunyamula kilatchi mu giya wani, ine ndikuyang'ana cha pambali, ndipo mphuno ya difu inkachita kuoneka ndi maso ikudzuka. Ndiye pokwera mtunda atapondereza moto, cross ija inkafika madigiri 7 kapena kuposa. Kumvera phazi kuja tanthauzo lake ndi limeneli.

Kodi madigiriwo anachokera kuti

Buloko lafulati palokha silitembenuza difu. Limangokweza axle kuyandikira chesisi, shafiti n'kugona. Pa shafiti ya mita imodzi ndi masentimita 20, kukweza mbali imodzi ndi mamilimita 75 kumasintha kupendekeka kwake ndi madigiri pafupifupi 3.6, koma kusinthako kumagwera ma cross onse awiri mofanana. Kusiyana kwa ngodya ziwiri zija nthawi zonse kumafanana ndi kusiyana kwa giyabokosi ndi pinion, shafiti igone kapena itsetsereke. Ndiye panali china chake chimene chinadzutsa mphunoyo.

Titamasula ma U-bolt, mabawuti omanga axle ku sipuling'i, n'kutulutsa buloko limodzi, ndi maso linkaoneka labwinobwino, la aluminiyamu, logula m'sitolo, osati zodula paipi zomwe amawotcherera ena. Vernier, choyezera kukhuthala, ndi yomwe inaulula. Mbali imodzi inali yokhuthala kuposa inzake ndi mamilimita 4 ndi pang'ono, pa utali wa mamilimita 125. Amenewo ndi madigiri 2. Mabuloko otere amapangidwa dala kuti atsitse mphuno ya difu pa galimoto yotsitsidwa, koma amene anamanga anawaika chagada, mbali yokhuthala kutsogolo, onse awiri. M'malo motsitsa ndi madigiri 2, ankakweza ndi madigiri 2.

Pa galimoto yomwe axle imakhala pamwamba pa sipuling'i, ngati iyi, mbali yokhuthala ikakhala kumbuyo mphuno imatsika. Pa galimoto yomwe axle ili kunsi kwa sipuling'i, monga ma 4x4 ambiri, zimatembenuka. Wozolowera kukweza magalimoto akapatsidwa yotsitsa amasokonezeka mosavuta pamenepa, ndipo ndikuganiza kuti ndi zomwe zinachitika.

Ngakhale buloko likanakhala lafulati, pinion ikanakhala pa 5.2, kupitirirabe giyabokosi ndi 1.6. Otsalawa ndimawaika pa masipuling'i. Leaf yaikulu mbali zonse inali itayamba kupindika kutsogolo kwa axle chifukwa chopotokoledwa nthawi yaitali ilibe inzake yoithandiza, ndipo sinkabwereranso m'malo.

Zimene tinachita

Mankhwala enieni sanafune kugula kanthu: kutembenuza mabuloko. Pini yake ndi bowo lake zinali pakati, ndiye axle sinasunthe kupita kutsogolo kapena kumbuyo. Kuchoka pa kukweza 2 kupita pa kutsitsa 2 ndi madigiri 4 athunthu.

Mwiniwake anali atamva kwa anzake kuti angoikapo ma wedge, tizitsulo topyapyala tokhuthala mbali imodzi, pamwamba pa mabuloko mmene alilimo. Ndinakana. Kusanjikiza wedge pa buloko kumawonjezera malo oterera, mutu wa center bolt, bawuti yomanga ma leaf pakati, sulowa mokwanira, ndipo pa misewu yathu yafumbi ya ku Mkanda kapena ku Kapiri tsiku lina kachitsuloko kadzatuluka, axle n'kukhota galimoto ili pa liwiro. Wedge ikafunikadi, ikhale imodzi, yachitsulo, yomangidwa limodzi ndi ma leaf pa center bolt.

Ma U-bolt tinaika atsopano. Akale anali atatambasuka, ulusi wake utadyeka, ndipo U-bolt yomwe yamangidwapo kale sigwiranso bwino. Aatali okwana buloko la 75 pano pa boma sapezeka, mwiniwake anakawapeza ku Chipata, komwe kwa ife n'kufupi kusiyana ndi Lilongwe. Tinamanga mopingasa pang'onopang'ono ndi torque wrench malinga ndi buku la galimotoyo, galimoto itatsika pa matayala ake. Cross yakumbuyo yatsopano, seal ya pinion yatsopano, oilo wa difu watsopano. Pochotsa nati ya pinion tinalemba malo ake kuti preload, kupanikizika kwa ma bearing, isasinthe. Bearing zokhazo zinali zisanayambe kusewera.

Titayezanso, giyabokosi inali pomwe paja pa 3.6, pinion 3.2, shafiti 2.3. Shafiti inasintha chifukwa mphuno ikatsika imatsitsanso cross yakumbuyo ndi mamilimita pafupifupi 20, choncho musamayeze pinion yokha mukatha kusintha. Cross yakutsogolo inakhala pa 1.3, yakumbuyo pa 0.9. Kusiyana 0.4, ndipo kuli mbali yomwe ndimafuna, pinion ili pansi pang'ono pa giyabokosi. Ikamakoka mphuno idzuka, kudutsa 3.6 n'kupitirira pang'ono, koma ikhalabe mkati mwa digiri imodzi. Pa galimoto ya ma leaf sindimakonda kusiya manambala awiriwa ali ndendende galimoto itaima, chifukwa pa msewu sadzakhala ndendende.

Slip yoke, foloko ya kutsogolo yomwe imalowa ndi kutuluka mu giyabokosi, tinaionanso. Shafiti ikagona imalowa kwambiri mu giyabokosi, ndipo ikafika pothera imagunda mkati pa bampu iliyonse. Panali patatsala mpata wokwanira, koma wosachuluka.

Pa msewu

Tinaiyesa pa M12 kuchoka pa boma kulowera ku Kamwendo, pomwe pali malo owongoka okwanira kukhala pa liwiro limodzi. Pa 60 zii, pa 80 zii, galasi likuonetsa bwino. Pokwera mtunda mu giya folo ataponda moto mpaka pansi panamveka kanjenjemera kakang'ono kwambiri, komwe munthu wosauzidwa sangakamve, ndipo kanatha atangopepuza phazi. Kameneko ndi ka masipuling'i ofooka aja. Kugogoda ponyamuka kunatha.

Mwiniwake anati nthawi yokolola amafuna azinyamulirako soya ndi mtedza kuchokera kumudzi, ndiye tinaikweza matumba 8 a makilogalamu 50 n'kuyezanso. Giyabokosi 4.2, shafiti 1.4, pinion 4.0. Ngodya zinafika 2.8 ndi 2.6, zofanana bwino koma zili pakhomo pa malire. Chondidetsa nkhawa sichinali ma cross. Pakati pa axle ndi labala wa bump stop, wotchinga axle isagunde chesisi, panatsala mpata wosalowa ngakhale chala chaching'ono. Ndi katundu ameneyo, hampu iliyonse ya pa Kamwendo axle izigunda chesisi.

Ndinamuuza mosabisa kuti pikapu yotsitsidwa chonchi yasiya kukhala pikapu. Kukongola ndi kwake, ndalama ndi zake, koma soya asake galimoto ina.

Pali zinthu ziwiri zomwe sizikhudza kunjenjemera koma sindikanatha kuzisiya. Choyamba, galimotoyi ili ndi valavu ya mabuleki akumbuyo yomwe imamva kulemera kwa katundu kudzera pa kandodo kolumikiza ku axle. Itatsitsidwa, valavuyo inkaona ngati galimoto yadzaza nthawi zonse, n'kumatumiza mphamvu yambiri kumbuyo. Pa msewu wa miyala matayala akumbuyo ankakhoma msanga, zomwe zimatembenuza galimoto yopanda katundu. Tinapanga kabulaketi kobwezera kandodoko pamalo pake. Chachiwiri, buloko limatsitsa mbale ya pansi pa sipuling'i ndi nsonga za ma U-bolt kuyandikira pansi. Pa limu ya 14 nsongazo zinali m'munsi mwa mlomo wa limu, kutanthauza kuti tayala likaphulika chitsulo chidzayamba kukumba phula limu isanafike. Tinadula ulusi wotsala, koma mbaleyo ili pafupibe kwambiri. Kutsogolo tinatumiza mwiniwake akachititse alignment, popeza chibwezereni ma torsion bar palibe anaiyang'ana ndipo matayala anali atayamba kudyekera mkati.

Atabwera kudzamangitsanso ma U-bolt patapita milungu ingapo, manati anali atamasuka pang'ono monga zimakhalira ndi atsopano. Pinion inapereka 3.4, makapu a cross ali ozizira atangochoka pa msewu, pakamwa pa difu pouma. Pa kadi la ntchito ndinalemba zotsala: kubwezera leaf yomwe inachotsedwa kapena kugula masipuling'i ena, ndi kusintha mabuloko kupita pa a mamilimita 50. Chilichonse mwa ziwirizi chikachitika manambala onse atatu ayezedwenso, chifukwa masipuling'i owongoka adzatsitsa mphuno kufika cha pa 1.6, ndipo pamenepo buloko lofunika lidzakhala lafulati.